Akaunti ya Bambo a Mapasa

Ntchito yanga inali yolondera makompyuta a kampani kuti akuba asalowemo. Ndikuti inali, chifukwa pano ndangokhala pakhomo, ndipo mtima ukundiwawabe.

Abwana athu ankangodziwa malonda basi. Ukawauza kuti pena pake pali potseguka, ankakufunsa kuti, "Ndiye zimenezo zitigulitsira chiyani?" Anandipatsa dzina loti Atsekeni, ati ine ndimangotseka zinthu pomwe anzanga akutsegula misika.

Lamulo la ntchito yathu ndi losavuta: munthu akachoka, akaunti yake yolowera mu kompyuta imatsekedwa tsiku lomwelo. Koma bambo a mapasa atamwalira, abwana anakana. Bambowa ndi amene ankagulitsa kuposa onse, ndipo anagwera patebulo pawo foni ili kukhutu. Titangobwera kumaliro, abwana anandiitana.

"Imeneyo usaikhudze. Makasitomala anazolowera dzina lawo."

"Bwana, munthuyo tamuika m'manda lero lomwe."

"Makasitomala akudziwa?"

Ndinalemba makalata atatu odandaula, onse osayankhidwa. Masana ogulitsa anzawo ankatumiza mauthenga m'dzina la malemu, opanda ndi manyazi omwe.

Lachinayi lina madzulo ndikudya ndi ana, foni yanga inalira chenjezo: akaunti ya malemu yalowa. Ndinati basi, akuba aja afika, ndipo mlandu ugwera ine. Koma chenjezolo linkasonyeza kuti wolowayo ali mu ofesi momwemo, pa kompyuta ya pakona, pomwe ankakhala malemuwo.

Nditathamangira ku ofesi, mlonda ndinamupeza kunja kwa geti, atakumbatira tochi.

"Mwalowetsa ndani, achimwene?"

"Palibe. Makiyi ndi awa. Koma ine m'menemo sindilowa."

Ndinakwera masitepe ndekha. Magetsi onse ozima. Fungo la mankhwala okolopera. Kenako phokoso la zala pa kiyibodi. Likuima. Likuyambanso.

Pakona pankawala. Munthu atakhala, msana wopindika, jekete la bulauni la malemu lija. Phewa lakumanja lokwera, monga ankachitira popanira foni. Koma foni panalibe.

Sanatembenuke. Analankhula ndi mawu a munthu amene wayenda tsiku lonse osadya.

"Atsekeni, mwachedwa."

Kenako anapitiriza.

"Akungondiitana. Uyu akufuna mtengo, uyu akufunsa katundu. Chindiikireni m'manda, sindinagonepo. Nditsekereni, chonde."

Ndinadziwa kuti ndikatseka, ntchito yandithera. Ana awiri pasukulu, mkazi wanga ali ndi pakati. Ndikunena zoona, ndinaima pamenepo ndikuganiza za mimba yanga, munthu wakufa akundidikira. Mpaka lero ndimachita nazo manyazi. Kenako ndinapita patebulo langa n'kutseka akauntiyo.

Phokoso linaleka. Nditacheuka, mpando wa pakona unali kuzungulira pang'onopang'ono, wopanda munthu.

M'mawa abwana analusa ngati ndawawotchera nyumba. Ati usiku umenewo kasitomala wamkulu anatsala pang'ono kuvomera, ine n'kudula nkhani pakati. Ndinawafunsa kuti amalemberana naye ndi ndani usikuwo, ofesi ili yokhoma. Sanandiyang'ane n'komwe.

"Ine ndimaona malonda. Amene walemba ndilibe naye ntchito."

Pofika masana, kalata yondichotsa inali m'manja. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikuwalondera, osati ngakhale zikomo. Asa! Anthu ena Mulungu aziwaona yekha.

Ndikulongedza timabuku tanga, mayi wokolopa anandinong'oneza kuti nyumba imeneyo simasula munthu, wamoyo kapena wakufa, dzina lake likadali m'makinamo. Mutu wanga unali pa zomwe ndikamuuze mkazi wanga.

Sabata yatha mlonda uja anandiimbira. Akuti pakona pali zii tsopano, malemu anapuma. Pamene pakuwala usiku ndi patebulo langa. Wotseka anali ine ndekha, ndipo nditachoka palibe amene anatseka akaunti yanga. Abwana ndawaimbira kanayi, akungodula.

Masiku ano ndikumadzuka wotopa, mapewa akuwawa, chonsecho sindigwira ntchito iliyonse. Dzulo mkazi wanga anandidzutsa pakati pa usiku, atandigwira mkono mwamphamvu.

"Bambo a ana, mukulembera ndani?"

Zala zanga zinali zikugogodabe pabulangeti.