Kuseri kwa Tepi ya a Antje

Renske Tolsma anatsanzika kwa Mayi Bijlsma usiku utapita kale, mtima uli zii. Pakaliyala ya njinga anamangapo chimakina chojambulira mawu chimene anabwereka kumeneko, chija chakalekale cha mababu m'kati ndi magudumu awiri a tepi pamwamba. Kulemera kwake ngati thumba la mbatata! Kupalasa sikukanatheka, ndiye anangoyamba kukankha m'mbali mwa ngalande.

Bambo ake, a Douwe, anali gone kunyumba, ndipo adokotala anali atanena kale kuti sabata imeneyo saimaliza. Iwo anapempha chinthu chimodzi chokha: kumvanso mawu a malemu akazi awo, a Antje, amene ankati ali pa tepi ina yakale ya m'kabati. Tepiyo Renske anakaiyesa kwa Mayi Bijlsma. Anaizungulitsa mpaka kumapeto, khofi mpaka kuzizira m'makapu, koma munangotuluka nyimbo za akodiyoni za pa wailesi. Mawu a amayi ake, ayi ndithu. Nanga munthu woti akutsirizika ukamuuza chiyani? Makinawo anangowatenga poti anali atalonjeza.

Pofika pamlatho wa pafupi ndi manda a tchalitchi, nkhungu inali itatseka njira. Nyale ya njinga inkangounikira tayala lakutsogolo. Matabwa anali onyowa. Tayala linaterera, chingwe chinamasuka, chimakina chija n'kupendekera kumadzi...

Dzanja linachigwira.

"Pang'onopang'ono mwanawe, chimenechi sichidziwa kusambira."

Renske anakuwa. Pambali pake panaima mwamuna wachinyamata, jekete lili lonyowa, m'khosi atakolekamo nsapato zotsetserekera pa ayezi. Pa ayezi? Mwezi umenewu, ngalande isanaundane n'komwe? Kapena waledzera? Koma fungo la mowa panalibe.

"Zikomo bambo," anatero Renske. "Mwachokera kuti? Sindinakumveni."

Munthuyo ankangosisita chivindikiro cha makinawo ngati akusisita galu wake.

"Wamvera mbali imodzi yokha ya tepiyo," anatero. "Ikafika kumapeto, chotsa gudumu lodzazalo, ulitembenuze, uliike kumanzere. Ndipo usathamange. Dikira mababu atenthe, kadiso kobiriwira ka pamakinapo kayake."

"Mwadziwa bwanji za tepi? Mayi Bijlsma akutumani?"

"Douwe ndi makutu ake a akodiyoni," anaseka munthuyo. "Fulumira, sakugona."

Renske anawerama kuti amange chingwe. Anamanga. Anadzutsa mutu...

Palibe!

Kutsogolo palibe, kumbuyo palibe. Mapazi sanamveke. Madzi a pansi pa mlatho anali phee. Anakankha njinga osacheukanso, mutu uli balala. Mwina ndi mnansi wa Mayi Bijlsma. Koma mnansi angatchule bambo ake dzina chomwecho, ngati mnzawo wa kusukulu?

Kunyumba anapeza a Douwe ali maso, atatsamira mapilo.

"Wabwera nawo mayi ako?" anafunsa motsitsa.

"Dikirani pang'ono, Bambo."

Analumikiza makinawo kumagetsi. Tepi inali ili pamapeto pomwe anaisiya. Anatembenuza gudumu monga anauzidwira, osakhulupirira n'komwe, n'kukhala pansi kudikira. M'chipinda munamveka kafungo ka fumbi lotentha. Kadiso kaja kanayamba kubiriwira. Anadina batani.

Poyamba phokoso chabe, shiii. Kenako makapu kugundana. Kenako mkazi kuseka, kuseka kweniweni kochokera m'mimba.

"Chotsa chinthu chakocho kukamwa kwanga, iwe! Ndilankhule chiyani? Douwe, muuze mng'ono wakoyu andisiye ndidule keke."

A Douwe anatseka maso, misozi ikutsikira m'makutu. "Antje," ananong'ona. "Ndi yemweyo."

Renske naye analira, chifukwa mawu amenewo anali atawaiwala. Koma pa tepipo panalowa mawu ena, a mwamuna, oseka pang'ono.

"Sendererani kuno mlamu, kadiso kayaka kale. Pang'onopang'ono, mungagwetsere khofi pa makina anga."

Renske anatembenukira kwa bambo ake. Mawuwo anali atawamva usiku womwewo.

"Bambo... ameneyu ndani?"

"Ulbe, mng'ono wanga. Bambo ako aang'ono. Makina athu oyamba anali ake." A Douwe anapuma movutikira, koma akumwetulira. "Ine tepi iliyonse ndinkafufuta n'kujambulapo nyimbo za pa wailesi, ndiye iye mawu a anthu ankawabisa kuseri. Ndinali nditaiwaliratu. Wakuuza ndani zotembenuza?"



"Ulbe ameneyu ali kuti tsopano?" anafunsa Renske.

"Aa, sunamuonepo iwe. Ayezi anasweka naye pansi pa mlatho wa kumanda uja, iwe uli m'mimba. Bwezanso mwana wanga, ndimvenso mayi ako akuseka."