Mwala Wogwera Machila a Dora

Kwa a Sayilu, osoka nsapato a m'mudzi wa Rangampeta, umphawi unalipo koma ndewu kunalibe. Iwo ndi akazi awo, a Ellavva, anali ndi mwana mmodzi yekha, Yadagiri, mnyamata wa manja aluso koma wa mtima wapachala.

Minda yonse inali ya bwana wolemera amene tinkangomutchula kuti Dora. Nyumba iliyonse ya amphawi inkapereka mwamuna mmodzi wa thangata, wonyamula machila ake. Poti a Sayilu msana unali utatha, ankapita ndi Yadagiri.

Tsiku lina a Sayilu anakumana ndi machilawo pamsika, n'kuchedwa kuvula nsapato. Mmphawi kuvala nsapato pamaso pa Dora unali mlandu. Anawakwapula pomwepo, mwana wawo akuonerera, mtengo wa machila uli paphewa.

"Ameneyu ndidzamupha," anatero Yadagiri atafika kunyumba.

"Khala pansi, mwanawe," anatero bambo ake akubuula. "Alimi akupangana kuti tidzakane thangata tonse pamodzi. Dikira anzako. Nanga ukathawa, machila aja anyamula ndani?"

"Anyamule amake."

Pamalo omwera uchema anakumana ndi Bikshapathi, mkulu wa zigawenga za kuphiri, munthu wa pakamwa pa uchi.

"Si iwe mwana wa mdala anakwapulidwa uja?" anafunsa akumuthirira chikho. "Ndiye ukudikira misonkhano? Udzadikira mpaka imvi. Amuna enieni ali kuphiri, mphwanga."

Yadagiri anamwa, ndipo kunyumba sanabwererenso. Kuphiriko anzake atsopanowo ankati akumenyera amphawi, koma mbuzi zimene ankadya zinali za amphawi omwewo. Poyamba zinkamuwawa. Kenaka anazolowera, mpaka n'kumaba yekha.

Mayi ake anamulondola mpaka patsinde pa phiri, mapazi atatupa.

"Bwerera, mwanangu. Kuchokera pamene unachoka, bambo ako..."

"Za kumudzi musandiuze, amayi. Ndidzabwera Dora atafa."

Anawatembenukira msana. Koma mwana ameneyu! Akanangowalola kumaliza mawu.

Nthawi yokolola mapira, kunamveka kuti Dora adutsa pampata wa phiri popita ku ukwati. Anyamata a Bikshapathi anakankhira chimwala pamphepete pa phompho n'kubisala. Dzuwa lili paliwombo machila anatulukira, onyamula atafunda nsalu kumutu chifukwa cha kutentha. Wakutsogolo ankayenda motsimphina, moti machila ankapendama.

"Mwala ndi wako uwu," ananong'ona Bikshapathi. "Lipsira bambo ako."

Yadagiri anakankha ndi mphamvu zake zonse. Mwala unagubuduka, n'kuphwanya mtengo wakutsogolo pamodzi ndi munthu wake. Dora anatuluka m'machila ali bwinobwino, n'kukwera hatchi ya mlonda, ulendo. Bikshapathi ndi anzake anathamangira bokosi la mphatso za ukwati.

Yadagiri anatsika, n'kuvundukula nsalu ya munthu wogona pafumbi uja.

Anali a Sayilu. Mwana atathawa, thangata la nyumbayo linagwera iwo.

"Bambo, ndine," analira atagwada. "Bambo, sindinadziwe."

Mkuluyo anatsegula maso pang'ono. "Thawa, mwanawe, asilikali akubwera," anatero, n'kutsirizika.

Yadagiri sanathawe. Anasenza mtembo mpaka kumudzi, ndipo asilikali anamugwirira pakhomo pa mayi ake. A Ellavva sanamutukwane. Anangoti, "Ndinabwera kudzakuuza, iwe sunafune kumva."

Chaka chotsatira alimi anakanadi thangata onse pamodzi, ndipo Dora anathawira kumzinda. Yadagiri anazimvera m'ndende, ndipo sanasangalale nawo.

Anyamata inu, Dora anali woipa, zimenezo palibe akutsutsa. Koma kulipsira ndi tchimo losaona kumene likugwera, ndipo nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Makolo akamayankhula, aloleni amalize. Yadagiri anakalambira m'ndende akulira bambo amene anawapha ndi manja ake.