Wotchi Yoyenda Usiku ya Mayi Dorica

Wotchi ija inachokera ku Joni itakulungidwa m'sokosi. Anatumiza ndi Alick kuti iziwerenga mayendedwe a mayi ake, mayi Dorica a ku Mitundu, poti kuchipatala anawauza kuti aziyendako chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Mayiwo anaikonda zedi, ndipo pamjigo ankatukula dala dzanja kuti ioneke. Usiku ankaivula n'kuibisa m'thumba lamkati la jasi lakale la amuna awo, a Efulemu, lopachika pamsomali, kuopa makoswe. Malowo sanauze munthu.

Chodabwitsa chinayamba fodya atauma m'chigafa. M'mawa wina Lydia, mlongo wa a Efulemu, amene ankawawerengera za pawotchipo, anaiyang'ana n'kukwinya nkhope.

"Alamu, mtunda wonsewu mwayenda liti? Dzuwa langotuluka kumene."

"Ine ndangodzuka."

"Iyi ikuti mwayenda usiku," anatero Lydia monong'ona. Koma pamjigo kunong'ona n'kulengeza.

Mawa lake zinali chimodzimodzi, mkuja wakenso. Fodya nayenso anayamba kuchepa: mikangala yopachikapo fodya, yodzaza madzulo, inkapezeka ndi mipata kukacha. Agalu ankauwa chakudambo, kenako n'kukhala chete onse pamodzi. Wina anati anaona chinthu chachitali, chopanda mutu, chikudutsa mumdima mwakachetechete. Wina anawonjezera kuti mayi Dorica amauluka mpaka ku Nathenje. Thobwa lawo linayamba kusasa mundowa osagulidwa, ndipo kutchalitchi benchi lawo linkakhala ndi malo ambiri. Dzina loti mfiti linali litawamatirira.

"Komatu usiku ine ndimavula," anadandaula kwa amuna awo.

"Makina amasiku ano amatsata mwini wake," anayankha a Efulemu, maso ali kumbali. "Mwina mumayenda osadziwa."

Mayi Dorica anachita mantha, ndipo anayamba kudzikayikira. Usiku umenewo anagona chagada mumdima wandiweyani, akumva makoswe akupalasa kudenga, mphepo ikuwomba fodya wouma m'chigafa kuti wayawaya, ngati anthu akukambirana zachinsinsi. Analimbana ndi tulo, tulo n'kuwagonjetsa. Kukucha, wotchi inali itayendanso.

Anakhala pamphasa misozi ili m'maso, akusisita bondo lakumanzere monga mwa chizolowezi. Dzanja linaima. Bondo limeneli linali la nyamakazi, ndipo kungopita kuchigayo linkatupa ngati dzungu. Tsopano linali lozizira, lofewa, losapweteka n'komwe.

"Iwe sunandinamizepo," analiuza bondolo. "Ngati sunayende, ine sindinayende."

Apa mpamene anatembenuka n'kuyang'ana jasi lija pamsomali. Analinunkhiza, ndipo mantha anasanduka mkwiyo.

Madzulo anachita monga mwa masiku onse. Anaika wotchi m'thumba muja, ndipo a Efulemu atayamba kuliza mkonono, anatuluka chokwawa n'kuwaza phulusa pakhonde ponse mpaka pakhomo la chigafa. Anagona tulo tabwino kwa nthawi yoyamba.

M'mamawa, asanasese, anaitana Lydia ndi amayi onse apamjigo. Paphulusa panali mapazi a gambutsi zazikulu, otuluka m'nyumba, olowa m'chigafa, obwereranso. Mayi Dorica analowa, natuluka ndi jasi lonyowa ndi mame, lonunkha fodya, n'kusolola wotchi m'thumba anthu onse akuona.

"Werengani, alamu. Mokweza, musanong'one."

Lydia anawerenga mokweza. A Efulemu anatulukira pakhomo akuyasamula, kuyasamulako n'kuthera panjira.

"Mfiti yanu ndi iyi," anatero mayi Dorica, "imavala gambutsi! Chopanda mutu chija ndi mtolo wa fodya wanga uli pamutu pa achimwene anu."

A Efulemu anavomera chapansipansi kuti mavenda ogula fodya a ku Nathenje ankawadikira ndi galimoto kumsewu. Amayi aja anakuwa, wina analuluta, ndipo Lydia anagwada n'kugwira miyendo ya alamu ake. Tsiku lomwelo thobwa linatha dzuwa lisanafike pamutu.

Wotchiyo amavalabe, ndipo ikalira kuti ayendeko, amayamba afunsa bondo. Alick ataimba foni kufunsa kuti wotchi ikuti bwanji za thanzi lawo, mayi Dorica anaseka mpaka kutsokomola.

"Ine ndili bwino, mwanawe. Koma ikuti bambo ako ndiye amphamvu."