Mwala wa M'thumba la Asta

Namondwe atadutsa, theka la tauni ya Klitsted linatsikira kugombe m'mawa, aliyense mutu pansi kufunafuna rav, utomoni wakalekale wouma ngati mwala umene nyanja imalavula ikakwiya. Solvej, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, anali komweko ndi mng'ono wake Asta, wa zaka zisanu ndi chimodzi.

Chimene chinkamudya mtima Solvej chinali mu nsanja yoyera younikira zombo. M'menemo munali kabati yagalasi yoikamo mwala waukulu kuposa yonse ya chaka chimenecho, pamodzi ndi dzina la woutola. Zaka ziwiri zotsatizana dzinalo linali la Alberte, mnzake wa m'kalasi, ndipo Alberte ankakumbutsa aliyense, ngakhale amene sanamufunse.

Kuseri kwa chilinga cha simenti chimene asilikali anasiya nthawi ya nkhondo, Solvej anaona mwala. Unali wachikasu, waukulu ngati dzira la nkhuku, ukung'anima m'ndere zonyowa.

Mwana aliyense wa ku Klitsted amadziwa lamulo: chotola kugombe chimalowa m'botolo la madzi, osati m'thumba, mpaka Mayi Thorup oyang'anira nsanja atachiona. Koma botolo silisunga chinsinsi, ndipo Alberte ankabwera chapoteropo. Solvej ankafuna kumudzidzimutsa pamaso pa anthu onse.

"Asta, tabwera." Anaulowetsa mwalawo m'thumba la jekete yofiira ya mwanayo. "Usauze munthu, wamva? Aliyense! Pita kushopu ya buledi kwa a Holm, ukandidikire komweko."

Asta anagwedeza mutu monyadira kuti wapatsidwa ntchito ya akuluakulu, n'kunyamuka.

"Iwe, botolo lako madzi okhaokha?" anatero Alberte atafika. "Ukufuna kuweta nsomba?"

"Seka lero," anayankha Solvej. "Tiye kunsanja, ndikaonenso kamwala kako kaja."

Kunsanja anapeza anthu atadzaza pakhomo, ndipo palibe amene ankaseka. Mayi Thorup anaima pamasitepe, nkhope ili gwa.

"Aliyense aike botolo lake pansi! Bambo wina wapsa ntchafu m'mawa uno. Nyanja yalavula mankhwala a mabomba akale aja. Amafanana ndi rav moti ngakhale ine angandipusitse, koma akangouma n'kufunda amayaka okha."

"Anawatola pati?" anafunsa Solvej.

"Pafupi ndi chilinga. Bwanji, mwanawe?"

Solvej anakumbukira kuti Asta akalowa kwa a Holm amakonda kutsamira khoma la uvuni kuti afundidwe. Anatsomphola njinga ya Alberte osapempha n'kuyamba kupalasa ngati wamisala.

Msewu wochokera kunsanja sunatalikepo chotero. Anadutsa tchalitchi cha denga lofiira, anadutsa chigayo chakale champhepo, njinga ikudumphadumpha pamiyala yoyala mumsewu. Galimoto ina inaliza hutala, iye osacheuka n'komwe. Atafika pashopu anangoigwetsa njingayo n'kukankha chitseko.

Asta anali pomwepo, atatsamira khoma la uvuni, milomo atailuma. M'shopumo munkamveka fungo lachilendo ngati la adyo, ndipo kautsi koyera kankatuluka m'thumba la jekete.

"Vula! Asta, vula jekete!"

Zipi inakana. Solvej anagwira jeketeyo m'munsi n'kuikoka kudzera kumutu, mwanayo akukuwa. Anamva ululu woopsa m'zala, koma sanaisiye mpaka ataiponya panja. Itangogwa pamiyala inayaka lawilawi, utsi uli tolotolo. Bambo Holm anatuluka ndi ndowa ya madzi akukalipira anthu kuti atalikire, pamene akazi awo ankaimba foni kuitana ozimitsa moto.

Kenaka Mayi Holm analowetsa dzanja la Solvej m'madzi ozizira. Zala zitatu zinali zitatuluka kale matuza. Anakweza juzi ya Asta, ndipo m'nthiti munali banga lofiira lalikulu ngati chikhatho. Khungu silinang'ambike, koma panatsala pang'ono.

"Mwanawe," anatero Bambo Holm atagwada pamaso pa Asta, "waima apa nthawi yonseyi. Sumamva kutentha?"

"Ndimamva," anayankha Asta, misozi ili mbwembwembwe. "Zinayamba kalekale."

"Nanga bwanji sunanene?"

Asta anayang'ana mkulu wake, ngati akupempha chilolezo.

"Solvej anati ndisauze munthu."

Solvej anatulutsa dzanja m'madzi, anagwada pansi n'kumukumbatira mng'ono wakeyo. Mayi Thorup atalowa ali wefuwefu n'kufunsa amene anaika chinthucho m'thumba la mwana, Solvej sanadikire kuti wina amuloze.

"Ndine, mayi," anatero. "Lamulo ndimalidziwa."