Kapepala ka m'Baibulo

Benvinda anafika pakhomo Loweruka masana Baibulo la mpingo lili m'khwapa, nkhope ili ndwii. Amayi ake, a Otília, anali pabwalo kusankha kachewere, wowola uku, wabwino uku.

"Wakutukwana ndani?" anafunsa amayiwo.

Benvinda anatsegula Baibulo n'kusolola kapepala kong'ambidwa m'kaderno, buku lolembamo kusikola, kolembedwa ndi kaneta yabuluu.

Mtsikanayu, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndiye ankawerenga mawu Lamulungu lililonse m'tchalitchi chawo chaching'ono cha kuseri kwa msika wa Domwe. Achikulire ambiri mumpingomo anakulira m'nkhondo ndi m'misasa ya othawa ku Malawi, sikola sanaione. Chimene Benvinda wawerenga, kwa iwo chinali chomwecho basi. Akamaliza ankati, "Awa ndi mawu a Mulungu," mpingo wonse n'kuvomera, "Ameni!"

"A Osvaldo akuti mawa ndiwerenge aka ndisanatseke buku," anatero Benvinda. "Ndisakweze kapepala, kazikhala m'katimo."

A Osvaldo anali mkulu wa mpingo. Abusa ankabwera kamodzi pa miyezi iwiri, ndiye masiku ena onse tambala anali iwowo.

"Tawerenga ndimve," anatero amayiwo.

"Ndipo Yehova adzadzutsa mwana wa kumapiri, mwini magalimoto, wodyetsa amasiye. Ameneyo ndiye mumsankhe."

A Otília anaponya kachewere pansi. Ngakhale mbuzi ikanadziwa kuti akunena a Alcides, ogula mbewu aja, amene ankafuna mpando pa chisankho ndipo anali atalonjeza malata a tchalitchi.

"Wodyetsa amasiye! Ine chimwalirireni bambo ako, anandidyetsa chiyani? Fumbi la kamiyawu, chilole chake chija?"

"Amayi, akuti ndikakana sandidindira kalata."

A Otília anatola kachewere uja pansi. Kalatayo ankaidziwa. Popanda karimbu, chidindo cha mkulu wa mpingo, Benvinda sakanalandiridwa ku internatu, nyumba yogona atsikana asikola ku Ulongwe, ndipo kumeneko analibe m'bale womusunga. Sikola yake ikanathera pomwepo.

"Ine sindikuuza chochita, pakamwa mpako," anatero amayiwo. "Koma kuba nkhuku ndi kwina, kunamizira Mulungu ndi kwina."

"Kulankhula n'kosavuta! Mukufuna ndisankhe kachewere mpaka imvi ngati inu? Ndi mizere iwiri yokha, amayi. Ndiwerenga."

Lamulungu tchalitchi chinadzaza. A Alcides anakhala kutsogolo pa mpando wa ndalema wochita kubwereka, nsapato zili waliwali, kumwetulira aliyense ngati mkamwini watsopano. A Osvaldo anatsinzinira Benvinda diso.

Benvinda anaimirira, nawerenga mawu a tsikulo bwinobwino. Atafika pothera, maso ake anatsikira pa kapepala kaja.

"Ndipo Yehova..."

Anadzutsa mutu kuti apume. Pabenchi yoyamba panali agogo a Augusta, a maso akhungu, amene ankayenda ndi ndodo kuchokera kutsidya kwa dambo chifukwa cha mawu okhawa. Anali atatambasula manja pamiyendo, milomo ikugwedera, Ameni ali kale pakamwa. Akanameza chilichonse chimene iye akanawapatsa.

Benvinda anamva manyazi kuyambira kuphazi. Anatseka Baibulo, phwa!

"Mawu a Mulungu athera pamene ndinalekeza paja," anatero.

"Ameni!" unavomera mpingo.

Kenako anakweza kapepala m'mwamba. "Koma pali enanso. Awa ndi mawu a bambo Osvaldo. Alemba okha ndi kaneta, n'kundiuza kuti ndiwabise m'Baibulo." Ndipo anawerenga mizere iwiri ija mokweza, liwu ndi liwu.

Palibe anati Ameni. Khanda lina linalira kumbuyo. Wina kumbali ya amuna anaphulika kuseka, n'kusandutsa chifuwa.

"Mwana wopanda mwambo!" anakalipa a Osvaldo ataimirira. "Khala pansi! Ukufuna tizipemphera mvula ikutilowera? Malata ugula ndiwe?"

"Mvula yatinyowetsa zaka makumi atatu, sitinasungunuke," anayankha a Otília ali chikhalire. "Amene akufuna voti akaime pamsika ndi chimkuzamawu chake. Muno ayi."

A Alcides anayang'ana wotchi yawo, nanena kuti ali ndi komisiyu, msonkhano wokopa anthu, ku Lifidzi. Anatuluka nyimbo yotsekera isanayambe, ndipo malata anatuluka nawo limodzi.

Lolemba Benvinda anapitabe kwa a Osvaldo ndi kalata yake. Iwo anaiwerenga mpaka pansi, naipinda, naibweza yosadinda. Baibulo la mpingo anamulanda pomwepo. Mwezi wa Febuluwale anzake awiri anakwera shapa, minibasi ya ku Ulongwe, ndi matumba awo. Iye anawaonera ali m'munda, khasu lili m'manja, ndipo analira mpaka amayi ake anasiya kumutonthoza n'kumangolima pambali pake.

Kuyambira pamenepo ankawerenga mawu ndi a Osvaldo eni ake. Lamulungu loyamba anavala magalasi, nakhosomola, nawerenga chaputala chonse popanda kuwonjezera kanthu. Atamaliza anakweza mawu.

"Awa ndi mawu a Mulungu!"

Zii.

Anabwereza, mokalipa tsopano. Anthu anangoyang'ana pansi. Ndipo agogo a Augusta anagogoda ndodo yawo pasimenti, natembenukira kumbuyo kumene kunakhala atsikana.

"Benvinda, mdzukulu wanga, uli kuti? Tapita ukasuzumire m'bukumo. Zilimodi zimene anenazi?"

Benvinda anadzuka, nayenda pakati pa mabenchi mpaka kutsogolo. A Osvaldo anagwira Baibulo mwamphamvu, koma maso a mpingo wonse anali pa iwo. Analipereka. Mtsikanayo anatsata mizere ndi chala, osafulumira, mkulu wa mpingo ali chiimire pambali ngati mwana wodikira kuti apulofesolo amuwonere mayeso.

"Zilimo, agogo," anatero.

"Ameni!" anatero a Augusta, ndipo mpingo wonse unatsatira.