Beseni la Chigumu

Stelia anali ndi mphaka. Dzina lake linali Chigumu. Stelia ankamukonda kwambiri. Koma Chigumu anayamba kukodza pansi.

Chigumu sanali mphaka wamba ayi. Ubweya wake unali wofiirira. Ndevu zake zinali zazitali. Mchira wake unali wautali. Pitani ku Zalewa. Pitani ku Mwanza. Pitani mpaka ku Tete. Mphaka ngati ameneyu simukamupeza!

Chigumu anali pa ntchito. Anali mlonda. Ankalondera golosale ya a Gerishon, bambo ake a Stelia. Golosaleyo inali pa Neno boma. Makoswe onse ankamudziwa Chigumu. Akangomva “Miyawu!” basi, liwiro!

Chigumu anabadwa Stelia asanabadwe. Tsopano anali atakalamba. Ankayenda pang'onopang'ono. Ankagona kwambiri.

Chigumu ankagona m'golosale, chitseko chili chotseka. Choncho anali ndi beseni lake. Linali beseni labuluu. Linali lodzaza mchenga. Akafuna kukodza, ankalowa m'besenimo. Akatha, ankafotsera. Stelia ndiye ankasintha mchengawo.

Kenako dzinja linafika. Mvula ya ku Neno si yamasewera. Inagwa m'mawa. Inagwa masana. Madzi anayamba kulowa pansi pa chitseko.

“Katundu yense pamwamba!” anatero a Gerishon.

Chaka chilichonse ankatero. Shuga pamwamba. Mpunga pamwamba. Mchere pamwamba. Sopo pamwamba. Matumba onse anawasanja pa matabwa.

A Gerishon anaona beseni la Chigumu. “Mchenga wa mlonda wanga usanyowe,” anatero. Anasanjikiza makireti awiri. Beseni nalonso pamwamba!

M'mawa mwake, amayi a Stelia anatsegula golosale. Anagwira mphuno.

“Iii! Fungo lanji limeneli?”

Pansi panali kachithaphwi. Sanali madzi a mvula ayi. Unali mkodzo wa Chigumu.

“Iwe Chigumu!” anatero amayi. “Ukulu wonsewu?”

Chigumu anangoyang'ana kumbali.

“Ndikolopa ndine, Amayi,” anatero Stelia.

Stelia anakolopa. Anakolopa ndi sopo. Anakolopa mpaka fungo linatha.

Tsiku lotsatira, kachithaphwi kena!

“Mwina mchenga wada,” anaganiza Stelia. Anataya mchenga wakale. Anathira mchenga watsopano. Anabwezera beseni pa makireti.

Tsiku linalo, kachithaphwi kenanso!

Makasitomala anayamba kudandaula. Ena ankangoima pakhomo. Ena ankagwira mphuno. Ena ankapita kukagula kwina.

Amayi anakhala pampando. Anapumira m'mwamba.

“Bambo a Stelia, anthu akuthawa,” anatero. “Ndani angagule mpunga muli fungo lotere?”

“Mphaka akakalamba amayamba mwano,” anatero a Gerishon. Koma anayankhula motsitsa. Nawonso ankamukonda Chigumu.

“Loweruka akubwera achimwene,” anatero amayi. “Amutenge Chigumu. Akakhale naye ku Dambe.”

Achimwene awo a amayi anali a Sosten. Stelia ankawatcha Amalume. Ankalima mbatatesi ku Dambe. Loweruka lililonse ankabwera nayo pa njinga yamoto.

Stelia anamva zimenezi. Ku Dambe ndi kutali. Ku Dambe kumazizira. Kwa Amalume kuli agalu.

“Chonde, Amayi,” anatero Stelia. “Chigumu si wamwano.”

“Nanga akukodzeranji pansi?”

“Sindikudziwa.”

Amayi anamusisita kumutu. “Akasiya, akhala. Akapanda kusiya, apita. Wamva, mwanangu?”

“Ndamva, Amayi.”

Ataweruka kusukulu, Stelia sanapite kosewera. Anakhala m'golosale. Anakhala pakona, phee! Maso ake anali pa Chigumu.

Chigumu anagona. Stelia anadikira.

Chigumu anayasamula. Stelia anadikira.

Chigumu ananyambita mwendo. Stelia anadikirabe.

Kenako Chigumu anadzuka. Anayenda pang'onopang'ono. Anafika pa makireti. Anayang'ana m'mwamba.

“Miyawu,” anatero Chigumu.

Anakweza miyendo yakutsogolo. Anagwira kireti. Anayesa kudumpha. Miyendo yakumbuyo inakana. Chigumu anagwa pansi, khu!

Anayesanso. Anagwanso.

“Miyawu,” anatero motsitsa. Kenako anakodza pomwepo, pafupi ndi makireti.

Stelia anadumpha. “Ababa! Amayi! Bwerani!”

“Kwagwanji?” anafunsa a Gerishon.

“Chigumu akufuna kulowa m'beseni. Koma sangakwere. Miyendo ikumupweteka!”

A Gerishon anayang'ana makireti. Anayang'ana Chigumu. Anakanda m'mutu.

“Aaa, ndiye wolakwa ndine, eti?” anatero. “Pepani, alonda.”

Anatsitsa beseni. Analiika pansi.

Koma mvula inagwanso. Inabwera ndi mphepo. Madzi analowa pansi pa chitseko. Analowanso pazenera. Pansi panali madzi okhaokha. Mchenga unanyowa.

Chigumu anaponda madzi. Anakutumula phazi. Anabwerera. Mphaka safuna madzi. Mphaka safuna mchenga wonyowa. Chigumu anapeza malo ouma pa matabwa a m'munsi. Anakodza pafupi ndi thumba la mpunga.

“Mayo ine, mpunga wanga!” anakuwa amayi.

Beseni likakhala pamwamba, Chigumu sakwera. Beseni likakhala pansi, mchenga umanyowa. Nanga atani Stelia? Loweruka linali pafupi.

Lachisanu madzulo, Stelia anapita kuseri kwa nyumba. Anapita kukatsekera nkhuku. Khola la nkhuku linali lam'mwamba. Pakhomo pake panali thabwa lotsamira.

Tambala anakwera pathabwa. Thadzi linakwera pathabwa. Anapiye nawonso anakwera pathabwa. Palibe anadumpha. Onse anangoyenda.

Stelia anaima, kukamwa yasa!

“Ababa! Ababa!” Anathamanga mpaka anataya patapata. “Chigumu akufuna thabwa! Ngati la nkhuku!”

A Gerishon anaseka. Anaseka mpaka mimba inagwedezeka.

“Mphaka kuphunzira kwa nkhuku? Zimenezi ndiye zatsopano!”

“Tiyese, Ababa. Chonde.”

“Tiyese basi! Golosale iyi ndinamanga ndi manja angawa. Thabwa limodzi lingandikanike?”

Anapeza thabwa lalitali. Anabwezera beseni pa makireti. Stelia anathira mchenga wouma, wambiri. Anatsamiritsa thabwa. Linafika mpaka pamlomo pa beseni.

“Pusi, pusi, pusi,” anaitana Stelia. “Bwera, Chigumu.”

Chigumu ananunkhiza thabwa. Anaponda kamodzi. Anaponda kawiri. Koma thabwalo linali losalala. Chigumu anatsetsereka. Anakhala pansi ndi matako.

Anayang'ana Stelia. Anayang'ana a Gerishon. Anatembenuka n'kuchoka.

Loweruka m'mawa, kachithaphwi kanaliponso.

Amayi sanakalipe. Anangoti, “Wayesetsa, mwanangu.”

Stelia anakolopa. Misozi inalengeza m'maso. Atatha, anapukuta mapazi pa chiguduli cha pakhomo. Chiguduli chinali chokhakhala. Phazi silinaterereke.

Stelia anayang'ana chiguduli. Anayang'ana thabwa.

“Ababa, bweretsani hamala!”

Anakulunga thabwa ndi chiguduli china chouma. Stelia anagwira. A Gerishon anakhoma misomali. Kho! Kho! Kho!

Pomwepo kunja kunamveka njinga yamoto. Phaphapha!

“Odi kuno!” Anali Amalume Sosten. Anali ndi matope mpaka m'maondo. M'manja anali ndi katoni. Katoniyo inali yoboolaboola. Mkati munali kansalu.

“Lowani, Achimwene,” anatero amayi. “Mwayenda bwanji?”

“Msewu ndi phala lokhalokha, Achemwali! Nanga mlendo wanga ali kuti? Galimoto yake ndi iyi.” Anaika katoni pansi.

Stelia anagwada. “Muli bwanji, Amalume?”

“Ndili bwino, kaya iwe? Bwanji nkhope yagwa chonchi?”

“Amalume, dikirani pang'ono. Chonde.”

Amalume anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana Stelia.

“Imwani kaye tiyi, Achimwene,” anatero amayi.

Amalume anamwa tiyi. Chigumu anagona.

Amalume anadya sikono. Chigumu anagonabe.

“Kodi ameneyu ndi mlonda kapena bwana?” anafunsa Amalume.

Tiyi anatha. Amalume anaimirira. Anasasa nyenyeswa. “Mvula ikubwera. Ndiyambepo.”

Pomwepo Chigumu anadzuka. Anadziwongola. Anayenda pang'onopang'ono. Anafika pathabwa.

Onse anamuyang'anitsitsa.

Chigumu ananunkhiza chiguduli. Anachikanda ndi zikhadabo. Zikhadabo zinagwira. Anaponda kamodzi. Anaponda kawiri. Sanatsetsereke.

“Kwera, Chigumu,” ananong'ona Stelia. “Kwera.”

Chigumu anakwera. Anakwera pang'onopang'ono. Anafika pakati. Anaima. Anayang'ana pansi.

“Kwera, Chigumu,” ananong'ona a Gerishon.

“Kwera, iwe,” ananong'ona amayi.

Chigumu anakwera. Anafika pamwamba. Analowa m'beseni. Anazungulira. Ananjuta.

“Odi! Ndigule mchere!” Anali mayi Esnart, ogulitsa mandasi. Anaima pakhomo.

“Shiii!” anatero onse.

“Kodi kwagwanji?”

“Dikirani pang'ono, mayi,” ananong'ona a Gerishon. “Alonda ali kuchimbudzi.”

Chigumu anakodza. Anakodza m'beseni! Kenako anafotsera. Pala, pala, pala!

Stelia anawomba m'manja. A Gerishon anavina. Amayi anaseka mpaka anagwira m'nthiti. Mayi Esnart nawonso anaseka, osadziwa n'komwe chomwe akusekera.

“Mwaona, Alamu?” anatero a Gerishon kwa Amalume. “Mwana wanga ameneyu! Mutu wake ndi wa ine!”

“Nanga amene anakweza beseni ndani?” anafunsa amayi.

A Gerishon anakhosomola. “Mayi Esnart, mwati mchere, eti?”

Stelia anagwira chitenje cha amayi. “Amayi, Chigumu apita?”

“Sapita,” anatero amayi. “Akhala konkuno. Lolemba tikamuonetse kwa alangizi a ziweto. Akaone miyendoyo.”

“Zikomo, Amayi! Zikomo!”

Chigumu anatsika pathabwa. Anatsika mchira uli m'mwamba. Anadutsa Stelia. Anadutsa a Gerishon. Anafika pa katoni ya Amalume. Anainunkhiza. Anaigwetsa chammbali. Analowamo. Anadzipinda pakansalu. Anagona.

“Iwe, tuluka!” anatero Amalume. “Katoni yanga imeneyo!”

Chigumu anatsegula diso limodzi. Analitsekanso.

Amalume anapukusa mutu. Anakwera njinga yawo. Anabwerera ku Dambe opanda mphaka. Anabwerera opanda katoni.

Stelia anakhala pansi. Analowetsa dzanja m'katoni. Anamusisita Chigumu pakhosi.

“Krrr, krrr, krrr,” anatero Chigumu.