Kadontho Koyera M'munda wa Nedson

Chimene chinamudabwitsa Nedson Kachingwe m'mawa ule n'chakuti mapesi anali chiimire. Anali atangoweruka ku shifiti ya usiku, maola khumi ndi awiri akutembenuza odwala m'chipatala cha ku Coventry, ku Mangalande, maso ali psuu, ndipo m'malo mokagona anakhotera kumunda monga mwa chizolowezi. Pamzere wa kumpanda, mapesi asanu ndi awiri analibe ana. Pansi panalibe khoko ngakhale limodzi, phesi logwa panalibe, mapazi osaoneka. Chimanga china chinali chitang'ambidwa pang'ono kunsonga, ngati wina anasuzumira kuti aone ngati chakhwima, kenako n'kubwezeretsa makoko bwinobwino.

Mundawo unali wa mizere makumi atatu basi, kuseri kwa famu ya mzungu wina wokalamba, bambo Thomas, kunja kwa tauni. Kwa anthu ena ndi kamunda koseketsa, koma kwa Nedson ndiwo unali moyo. Zaka zisanu ndi zinayi za magetsi a m'wodi zinali zitamuumitsa mtima, ndipo malo okhawo amene ankapuma ngati munthu anali pakati pa chimanga choyera cha kwathu, nsapato zili matope okhaokha. Akanati ataye mundawo, sakanadziwa chodzukira m'mawa.

Bambo Thomas anabwera ndi ndodo yawo, nayang'ana mapesi, napukusa mutu. Anati ndi makoswe, ndipo chimanga cha Nedson ndicho chikuwakokera pafupi ndi nkhokwe zawo. Anamulembera kalata yomulola kuwombera tizilombo pamalopo, koma popereka anaigwira kaye osaisiya.

"Ndakhala pano zaka makumi asanu popanda wapolisi kuponda pakhomo panga," anatero m'Chingerezi chawo cha m'mphuno. "Mfuti yako ikangobweretsa mlandu, ngakhale umodzi, munda wabwerera kwa ine tsiku lomwelo."

Mausiku atatu otsatira chimanga chinasowabe, ndipo nkhwani nawo unayamba kutha. Wothyolayo ankasankha nsonga zanthete zokhazokha, n'kusiya masamba okalamba. Khoswe wa ku Mangalande angakhale wophunzira bwanji, sangadziwe nkhwani wabwino. Mildred, mkazi wa Nedson, anaitengera nkhaniyo kutchalitchi, ndipo pofika nthawi ya tiyi inali itamera miyendo. Amayi ena ananong'ona kuti ndi zokawa, kuti alipo wina mumpingo momwemo amene akukoka zokolola za mnzake ndi mankhwala. Ena anati zoterezi siziwoloka nyanja. Mayi wina wa ku Chipata anayankha kuti ngati anthu akuwoloka ndi thumba la usipa, kanyanga kangalephere bwanji kulowa m'sutikesi?

Pambali panaima a McDonald Mzumara, amene kale anali mphunzitsi wa sekondale ku Mzimba, tsopano wosamalira okalamba ku Aston. Anali munthu wa suti yosita, wosalankhula zambiri, ndipo mu Juni anali atathandizapo Nedson kupalira. Atamva zoti Nedson akukagula mfuti, anaika kapu pansi mosamala.

"Kodi mfuti zimenezo, achimwene, zimapha munthu?"

"Ndi ya makoswe, aphunzitsi. Ya mpweya chabe."

"Oho," anatero a McDonald, natenga bisiketi ina.

Lolemba Nedson anapita kusitolo ya mfuti cha ku Solihull, akuyenda ngati wogona. Wogulitsa anali mayi wina wa imvi dzina lake Fiona, amene anamufunsa mafunso ambiri kuposa dokotala. Akufuna kupha chiyani? Patali bwanji? Kalata ya mwini malo ali nayo? Nedson ankalakalaka mfuti yeniyeni yolira ngati ya asilikali, koma Fiona anamuseka. Anati imeneyo imafuna chilolezo cha apolisi, kabati yachitsulo, ndi miyezi yodikira, chimanga chitatha kale. Kwa makoswe a pamayadi makumi awiri, ya mpweya inali yokwana.

Anamuikira ziwiri patebulo. Ina inali ya sipuling'i, yothyola pakati, yotsika mtengo koma yokankha phewa ndi yaphokoso. Inayo inali yopopera mpweya m'botolo, yopepuka, yongoti fyu ngati munthu akulavula njere. Nedson, amene mapewa ake anali atatha ndi kunyamula odwala, anasankha yopopera. Pa zipolopolo Fiona anatsegula zitini ziwiri. Zazing'ono, anati, zimathamanga molunjika koma zimangoboola, khoswe n'kukafera kudzenje. Zonenepa zimamugwetsa pomwepo. Nedson anatenga zonenepa, za mitu yobulungira, mazana asanu m'chitini.

Anachedwa pa sikopu, galasi lija loyang'aniramo powombera. Panali wamba wofuna tochi, panali woona mumdima, ndiye panali wina wogwiritsidwapo kale ntchito amene saona nkhope kapena mtundu, koma kutentha kwa thupi. Chilichonse chokhala ndi magazi chimaoneka choyera, zina zonse n'kukhala zakuda. Apa Nedson sanauze Fiona zimene zinali mumtima mwake. Manong'onong'o a kutchalitchi anali atamulowa, namwino wonse wa madigiri, ndipo anaganiza kuti galasi limeneli likamuuza zoona: ngati wakubayo ali ndi magazi, amuona.

"Limeneli limakuonetsa kuti pali chinthu, koma silikuuza kuti n'chiyani," anatero Fiona akukulunga. "Usawombere chimene sunachitchule dzina."

Nedson anavomera ndi mutu, maganizo ali pa bedi.

Masana awiri anayeserera pa katoni mpaka zipolopolo zinayamba kugwa pamalo amodzi. Usiku woyamba wa ofu anakhala pa ndowa yovundikira kumapeto kwa mizere, atavala majekete awiri. Kunali kumapeto kwa Sepitembala, mdima wake wonyowa, wonunkha manyowa a ng'ombe. Patali msewu waukulu unkalira osaleka ngati chigayo cha m'mudzi wina. M'galasi munda unali wakuda bii, ndipo timadontho toyera ta makoswe tinkathamanga m'mphepete mwa mpanda. Anagwetsa titatu, ndipo anamva kukoma kumene anali atakuiwala.

Cha m'ma wani koloko anamva phokoso lina. Silinali la masamba a chimanga, amene amalira mouma mphepo ikawomba. Ili linali lopyapyala, tswa, tswa, n'kusiya, n'kuyambanso. Kenako panamveka khwapu, kulira kumene mwana aliyense wa kwathu amakudziwa, kwa chimanga chothyoledwa pa phesi ndi dzanja. Nedson analoza mfuti komweko. Anaona phesi likugwedezeka, lakuda pa mdima wotuwa. Pambali pake panalibe choyera chilichonse.

Mantha anamugwira. Anakhala osaphethira mpaka khosi linauma, kenako ananyamuka chammbuyo, nalowa m'galimoto, natseka zitseko zonse.

"Bambo a Nia, mukudzipha," anatero Mildred m'mawa, akumuona akulephera kumasula zingwe za nsapato. "Ma naiti anayi, ofu yomwe mukukagona kutchire. Siyani, tigula chimanga cha ku shopu."

"Cha ku shopu ndi shuga yekhayekha. Mayi a Nia, ndinamva ndi makutu angawa. Galasi silinaone kanthu."

Mildred anatsitsa mawu ngakhale m'nyumba munali iwo awiri okha. "Ndiye n'zimene akunena azimayi zija. Chopanda magazi mungachiwombere? Ndipo ngati mwini wake ndi wa mumpingo mwathu, mudzatani? Khoswe akakhala pamkhate sapheka."

Usiku wachiwiri kunali nkhungu. Nedson anafika ndi galimoto mpaka pageti, magetsi akuwala, nakhala pa ndowa yake. Makoswe sanatuluke. Maola anadutsa, zala zinachita dzanzi, ndipo tulo tinkamugwetsa mutu n'kumudzutsa. Ndiye kuseri kwa mpanda, kumene kunali chingolo chakale cha bambo Thomas chomera lunguzi, kunamveka chifuwa. Chinali chifuwa chotsekedwa pakamwa, chakuya, cha mtundu umene Nedson ankaumva m'wodi nthawi yozizira. Anatembenuza galasi. Munali mdima wokhawokha. Anafuna kufuula kuti ndani, koma anaopa kuti chinthucho chingayankhe.

Kutacha anapeza mapesi ena anayi opanda ana. Bambo Thomas anamupeza ataima pomwepo, namufunsa ngati mfuti ikugwira ntchito. Nedson anati ikugwira. Anali wotopa mpaka m'mafupa, ndipo kutopako kunasanduka mkwiyo. Analumbira chamumtima kuti usiku womwewo, kaya n'chamagazi kaya n'chopanda magazi, chimva kuwawa.

Anasinthana shifiti ndi mnzake. Ulendo uno anasiya galimoto kutali, pamsewu wa phula, nayenda wapansi wopanda tochi, akupapasa mpanda ndi dzanja. Sanakhale pa ndowa. Anagona chafufumimba pakati pa mizere, mfuti itatsamira pa chikwama, chinyezi chikulowa m'zigongono. Kunalibe mphepo. Ankamva mtima wake ndi madontho ogwa kuchokera ku masamba.

Tswa. Tswa.

Phokosolo linali pafupi, mwina mayadi khumi ndi asanu, pansi penipeni pamene panayanga maungu. Nedson anaika diso pagalasi. Poyamba munali mdima. Kenako, pakati pa mdimawo, panatuluka kadontho koyera, kakakulu ngati khoswe, kakuyenda pang'onopang'ono kulunjika ku phesi. Kanaima. Kanayendanso. Sikankathamanga mwa makoswe, ndipo penapake m'mutu mwake wolemawo Nedson anazindikira zimenezo. Koma anali atadikira mausiku atatu kuti aone choyera, ndipo chala chinafulumira kuposa nzeru.

Fyu.

"Mayo ine! Mayo!"

Mawuwo anali a Chichewa, a munthu wamkulu. Nedson sanadziwe mmene anaimirira. Anayatsa tochi ya foni, ndipo pakati pa maungu panali chinthu chonyezimira ngati pepala lokulungira nyama yowotcha, chikugubuduka. Anachidziwa nthawi yomweyo. Linali bulangeti lasiliva lopyapyala limene a ambulansi amafunditsa anthu ozizidwa, lija losatulutsa kutentha kwa thupi. Munthuyo anali atadzikulunga nalo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutulutsa dzanja lokha.

Anakanganula bulangetilo. M'kati munali a McDonald, atavala suti yawo ya kutchalitchi pamwamba pa majuzi awiri, atagwira dzanja lamanja, magazi akuyenderera m'mkono.

"Aphunzitsi!"

"Pepani, achimwene. Pepani. Dzulo ndinamva galimoto n'kubisala. Lero sindinaimve."

Nedson anagwada, manja akugwira ntchito okha monga anazolowera. Anang'amba malaya ake, namanga, nakweza mkonowo m'mwamba. A McDonald ankalankhula mano akugundana. Kampani imene inawaitana kudzagwira ntchito ku Mangalande inalandidwa laisensi mu Julaye, ma shifiti anatha, chipinda cha ku Aston chinapita. Ankagona m'chingolo chija, akudya chimanga chosaphika poopa kuti utsi ungawaulule. Lamlungu ankasamba kusiteshoni n'kukwera basi ya kutchalitchi.

"Osandiuza bwanji? Ine ndi mayi a Nia tili ndi sofa!"

"Ndinkaphunzitsa ana a anthu kuti kuba n'koipa," anatero a McDonald, akuyang'ana kumbali. "Ndikanayambira pati?"

Nedson anaunika balalo. Chipolopolo chinalowa kuseri kwa dzanja ndipo sichinatuluke. Anawauza kuti apinde zala, ndipo ziwiri zinakana. Anadziwa tanthauzo lake. Dzanjalo linkafunika ekisileyi ndi dokotala wa mitsempha usiku womwewo, apo ayi silidzagwiranso choko kapena supuni. Anadziwanso kuti bala la mfuti likafika kuchipatala, apolisi amauzidwa, ndipo apolisiwo adzagogoda kwa bambo Thomas kusanache.

"Ingochotsani nokha, ndinu nesi," anachonderera a McDonald. "Kapena tikanene kuti ndi msomali. Munda wanu, achimwene. Ntchito yanu. Ine mapepala anga ndi ovuta kale."

Nedson anatembenuka n'kuyang'ana mizere yake. Chimanga chinali chitatsala sabata imodzi kuti chikhwime chonse. Chinamuwawa kwambiri, ndipo kwa kanthawi kochepa, kochititsa manyazi, anaganizadi za msomali. Kenako anachotsa zipolopolo m'mfuti, naiika m'thumba lake, nakweza a McDonald paphewa. Mkuluyo anali wopepuka moopsa.

Anawalowetsa m'galimoto, nauyamba ulendo. Anafika pachipatala cha m'ma folo koloko, pakhomo lomwelo limene Nedson ankalowera tsiku ndi tsiku. Pa desiki panali Shanice, namwino amene anagwira naye ntchito zaka zinayi. Anayang'ana matope, nayang'ana magazi, natenga fomu.

"Nedson? Wachita chiyani bamboyu?"

A McDonald anatsegula pakamwa kuti anene za msomali, koma Nedson anawagwira paphewa.

"Lemba kuti ndi bala la mfuti," anatero. "Wawombera ndine. Mfuti ili m'galimoto. Ndipo ukamaliza, uwapezere chakudya chotentha."